Rimoti Yopanda Mabatire

Loweruka lililonse Emmie ankapita ndi mwana wake Cathy kuntchito, kunyumba ya Mayi Hansa ku Area 3, poti analibe womusiyira. Iye akamakolopa, Cathy ankakhala pansi kuonera pulogalamu ya pa TV ya anyamata opikisana pa magemu a galimoto. Tsiku lina Mayi Hansa anamupatsa rimoti yakale ya gemu, yopanda mabatire, kuti asamasokose. Kuyambira pomwepo mwanayo ankakhulupirira kuti galimoto yofiira ya pa TV-yo akuiyendetsa ndi iyeyo. Emmie ankangosuzumira pakhomo, kuopa kuti wina amuuza zoona mwanayo.

Loweruka ili linali lomaliza. Banja la Mayi Hansa linkasamukira kunja kwa dziko, ndipo TV inali itaikidwa kale m'katoni.

"Madamu, simungandipemphereko ntchito kwa amene akulowa munowo?" Emmie anafunsa, maso ali pansi.

"Ali naye kale wantchito wawo, Emmie. Pepa."

Mayi Hansa anatola rimoti ija n'kuiika m'manja mwa Cathy. "Tenga, adalaivala. Ndi yako."

Kwawo, m'kachipinda ka kuseri ku Area 4, kunalibe TV. Cathy anakhala pansi, analozetsa rimoti kukhoma, n'kudina mabatani onse.

"Amama, galimoto yanga sikubwera."

"Mwina yapita kukathira mafuta."

"Ili pamzere wautali uja?"

"Eya, ili pamzere."

"Ndiye tidikire Loweruka."

Emmie anakhala pambali pa mwana wakeyo, nayenso n'kumayang'ana khomalo.