Kambuku wa a Sajeni Bunthiang

"Chitsulo? M'thupi mwanga muno?" A Sajeni Bunthiang anaseka mpaka benchi inagwedezeka. "Lemba kuti ayi, mwana wanga, ndipo ulembe zilembo zikuluzikulu. Ine chitsulo chimandiopa. Kumalire kuja zipolopolo zinkabwera zikuimba mluzu, zikaona kambuku wa pamsana pangayu zinkapepesa n'kukhota."

Namwino anachonga papepala lake. Anawakumbutsa kuti mawa m'mawa adzalowa m'chimakina chija chojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, kuti adokotala aone chimene chikuumitsa mkono wawo wakumanja. Atatero anapita.

"Zikakhota zinkalowera kuti?" anafunsa a Kopolo Sawaeng, akugogoda mwendo wawo wapulasitiki ndi ndodo. "Ndiye kuti ndinu amene munkazikusira kwa ine."

"Iwe unkathawa, Kopolo. Munthu wothawa ngakhale udzudzu umamupeza."

Nkhalamba zonse zinaseka, zina mpaka kutsokomola. Pachipatala cha asilikali akale nkhondo siitha. Imangosamukira pabenchi, ndipo chaka ndi chaka adani amachuluka, mapiri nawo amatalika. Mmodzi yekha sanaseke: mayi Lamduan, akazi awo a Sajeni, amene anakhala kumapeto atafungatira kadengu ka mpunga womata, maso ali pansi.

Wilai anamva zonsezi ali kuseri kwa katani, akusamba m'manja. Iyeyu ndiye anali wotikita minofu wa pachipatalapo. Chiphaso chake cha boma anachipachika moyang'anizana ndi khomo, kuopa kuti wina angamuyese wa m'mashopu aja a magetsi ofiira, amene amabisa uhule kuseri kwa kutikita. Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi komanso ana awiri a kusekondale, koma kwa nkhalambazo anali "kambewa" basi, monga akuluakulu amaitanira mtsikana aliyense m'dziko lino.

"Amalume Bunthiang, lowani."

Linali tsiku lawo lachinayi. Masiku atatu oyamba anangomulola mkono ndi khosi. Pamsana panali poletsedwa, chifukwa ndi pamene panali mphini zoteteza ku zipolopolo zimene mmonke wina wa kukachisi anawatema ndi singano yaitali akadali mnyamata: kambuku wa mizere atayasamula, zilembo zakale zitamuzungulira. Mphini zotere zimayenda ndi malamulo ake, ndipo ambiri mwa malamulowo amakhudza akazi. Mkazi asakulumphe, mkazi asakuponde, ndipo iwe usadutse pansi pa zovala zake zikayanikidwa.

"Sindinagone, kambewa," anatero a Sajeni akukhala pamatiresi. "Ululu wachoka m'khosi, watsikira kuno." Anafuna kuloza kuseri kwa phewa, mkono unakana.

"Ndinakuuzani kuti muzu uli kumsanako. Inu n'kumati kambuku wanu sakonda akazi."

"Amawakonda, koma ndi wamanyazi."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amalume. Vulani malaya."

Anavula akung'ung'udza, n'kugona chafufumimba. "Manja okha. Phazi ayi, bondo ayi."

Wilai anagwada pambali, anaphatikiza manja pamphumi kupepesa kwa kambukuyo ndi kwa amene anamulemba, n'kuyambapo. Kambuku anali atakalambira limodzi ndi mwini wake. Inki inali itamwazika, mimba italendewera, moti kunena zoona ankaoneka ngati mphaka wa pakachisi wokhuta zotsala za amonke.

Anayendetsa zala zake zazikulu m'mphepete mwa fupa la phewa, pang'onopang'ono, monga anachitira ndi misana mazanamazana. Mnofu womangika ankaudziwa: ukaupanikiza umakana, ukapirira umagonja. Chotupa cha mafuta nachonso ankachidziwa, chimathawathawa pansi pa chala. Koma pansi pa mwendo wakutsogolo wa kambukuyo panali china. Chinali cholimba, chaching'ono ngati njere ya bwemba, ndipo chinali ndi ngodya.

Anawerama kupenyetsetsa khungu. Pakati pa mizereyo panali kachipsera, ndipo inki ya pamenepo inali yakuda kuposa ina yonse, ngati wina anadzabwerezapo pambuyo pake.

A Sajeni anali atagwira mpweya.

"Amalume, ichi n'chiyani?"

"Fupa."

"Mafupa ndinawaloweza onse ndi maina ake. Ili m'buku munalibe."

"Ndiye kuti anakugulitsa buku loperewera masamba."

Wilai anachotsa manja n'kukhala pazidendene. Zipsera zotere anali ataziona zambiri. Eni ake amazionetsa monyada, ena amakugwira dzanja kuti ukhudze, ngati akukuonetsa mdzukulu. Awa okha ndi amene anachita kupakapo inki.

"Mukudziwa chimene makina a mawa aja amachita ndi chitsulo? Si maginito a ana oseweretsa. Amakoka ngakhale mpando wa matayala kuchokera pakhomo. Kachitsulo kakakhala m'thupi amatha kukasuntha kapena kukatenthetsa. Ndipo apa ndi pafupi ndi mapapo."

"Kakhala phee zaka makumi atatu ndi zisanu, kadzuke mawa?"

A Sajeni anazindikira mawu atatuluka kale. Kunja a Kopolo anali atayamba nkhani ina, ya nsato imene inameza wailesi ya gulu lawo ikuyankhula.

"Kokera kataniyo bwino," anatero a Sajeni, nkhope ili pamtsamiro.

Wilai anakokera.

"Tinali awiri, ine ndi Thongsuk. Mudzi umodzi, mmonke mmodzi, tsiku limodzi, kambuku yemweyu. Bomba linatera pakati pathu paphiri. Iye linamutsegula pachifuwa. Ine ndinangomva ngati mavu andiluma kumsana. Ndinamanga nsalu, osauza munthu. Anthu akufa, ndani akanamvera za mavu?"

"Nanga n'kubisiranji mpaka lero?"

"Ndinaperekeza bokosi lake kumudzi. Pamaliro anthu anandizinga. Mayi ake anandigwira malaya, akuti, 'Bwanji wanga yekha? Si munatemedwa limodzi?' Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, kambewa. Ndikanati mphini sizinagwire ntchito? Pamaso pa amonke? Pamaso pa anyamata amene ankabwerera kuphiri komweko ndi akambuku awo pamsana? Pakamwa panangotseguka pokha. Ndinati Thongsuk anaswa lamulo. Ndinati tsiku lonyamuka ndinamuona akudutsa pansi pa chingwe chimene mkazi wake anayanikapo zitenje."

"Mkaziyo zinamuthera bwanji?"

A Sajeni anangotembenuzira mutu kukatani, kumene kunali benchi.

Wilai anakumbukira mayi Lamduan, atakhala kumapeto kwa benchilo ndi kadengu kawo.

"Apongozi ake anamuthamangitsa," anapitiriza a Sajeni. "Patapita zaka ziwiri ndinamukwatira ine. Anthu ankati Bunthiang ndi munthu wachifundo, watola mkazi amene anaphetsa mwamuna. Mpaka lero zovala zake amayanika pansi, pamphasa, kuseri kwa nyumba. Nkhuku zikapondapo amachapanso. Mwezi uliwonse amapita kukachisi ndi chakudya cha amonke, m'dzina la Thongsuk, kukapepesa." Anatembenukira kwa Wilai. "Koma ndamusunga bwino. Sindinamumenyepo, njala sanagone nayo. Usalembe, kambewa. Mawa ndingodwala m'mimba, osabwera."

"Nanga mkonowu?"

"Uzinditikita iwe."

"Pamene pali chitsulo ine sindipanikiza. Ndipo ndikukudziwani, amalume. A Kopolo akangonena kamodzi kuti kambuku waopa makina, mudzalowamo mukuimba nyimbo ya fuko."

A Sajeni anabwezera nkhope pamtsamiro.

Wilai anayang'ana pepala lawo limene linali pathebulo, cholembera chili pamwamba. Ntchito imeneyi ili ndi chinsinsi chimene sachilemba pachiphaso: mwamuna akagona chafufumimba, osaona nkhope yako, amanena zimene sanganene ali chiimire. Wilai anali atamva za ana a kunja, za midzi yotenthedwa, za akuluakulu a nyenyezi paphewa amene anadzinyowetsera mathalauza. Zonsezo ankazisiya pamatiresi pomwepo, madzulo n'kukwera basi ali wopepuka. Akanatha kusiyanso izi. Nkhalamba inali itamanga moyo wake wonse pa kambukuyo, ndipo iye anali ndani kuti agwetse nyumba ya eni ndi chala chimodzi? Komanso anaganiza za mayi wa pabenchi uja, zaka makumi atatu ndi zisanu akuwerama kuyanika zovala pansi ngati munthu wotola mpunga wotayika. Izo sizinali za iye kuweruza. Za iye zinali za mawa m'mawa, ndi maginito amene sadziwa kambuku kapena mphaka.

Anatenga cholembera.

"Mphunzitsi wanga ankati zimene wamva ndi makutu n'za mwini wake, zimene wapeza ndi zala n'za adokotala. Za Thongsuk sindinamve, amalume. Ndine wogontha, mukafunse amuna anga. Koma chala changachi n'chosasunga pakamwa."

Analemba mizere itatu yokha: chinthu cholimba pansi pa khungu, kuseri kwa phewa lakumanja, mwina chitsulo, asalowe m'makina a maginito asanajambulidwe ndi ekisireyi.

"Wandipha, kambewa."

"Wakufa sadandaula. Gonani bwino, nthawi yanu sinathe."

Anatenga kathumba ka masamba otentha, ka fungo la ndimu ndi jinja, n'kuwathowa m'khosi ndi m'mkono mpaka ola lawo linakwana. Kambuku anamulambalala.

Adokotala atawerenga pepalalo sanachedwe. Anati ajambulidwe tsiku lomwelo, dzuwa lisanapendeke. Wilai anawaperekeza, poti ndi iye anayambitsa. Podutsa pabenchi a Kopolo anakuwa, "Sajeni, mukukajambulitsa kambuku? Mumuuze amwetulire!" A Sajeni anangokweza dzanja lamanzere, osacheuka. Mayi Lamduan ananyamula kadengu kawo n'kutsatira m'mbuyo, monga ankachitira masiku onse.

Atamaliza kujambula anawaitanira m'chipinda cha adokotala. Pakhomo Wilai anaima, n'kunena mokweza pang'ono, "Amayi akhoza kudikira panja pano, amalume. Pali mpando wabwino, pali fani."

Inali njira imene anawatsegulira, ndipo a Sajeni anaiona. Anayang'ana mpandowo, anayang'ana akazi awo. Anaima nthawi yaitali moti adokotala anasuzumira kuona chimene chikuwachedwetsa.

"Alowe," anatero a Sajeni. "Mlandu suwola."

Chithunzi chinali kale pagalasi. Panaoneka nthiti zotuwa, fupa la phewa ngati khasu lakale, ndipo pambali pake kanthu koyera mbee, kosongoka mbali ziwiri ngati msomali wothyoka. Kambuku sanaonekemo n'komwe.

"Ichi n'chitsulo, amalume, ndipo n'chakale," anatero adokotala, akuloza ndi cholembera. "Mnofu unachikuta kalekale. Za maginito ziiwalike, tipeza njira ina yoonera mkonowu. Muthokoze zala za mayi awa. Kodi chinalowa liti?"

"Kumalire. Paphiri."

"Papepala munati m'thupi mwanu mulibe chitsulo."

A Sajeni anacheukira akazi awo.

Mayi Lamduan anaika kadengu pansi. Wilai anali asanawaonepo opanda kadenguko m'manja. Anasendera pafupi ndi galasi, anatulutsa magalasi awo m'thumba la bulauzi, anavala, n'kuyang'ana kanthu koyerako nthawi yaitali.

"Tsiku lomwe lija?" anafunsa osatembenuka.

"Tsiku lomwe lija. Bomba lomwe lija."

Anavula magalasi n'kuwapinda bwinobwino. Mawu awo sanakwere, ndipo munalibe nsanje. Anafunsa ngati munthu amene yankho akulidziwa, koma akufuna alimve ndi makutu ake pamaso pa anthu.

"Bambo, nanga inu munadutsa pansi pa chingwe cha yani?"

A Sajeni anatsegula pakamwa, pakamwa pomwe paja pamene panakhotetsa zipolopolo zaka makumi atatu ndi zisanu.

"Palibe, mayi," anatero. "Ngakhale Thongsuk sindinamuone akudutsa."