Kachikho ka Dontho Lofiira

Kamaso anawachenjeza Loweruka masana, ali m'kachipinda kakuseri kwa guwa, mwana ali kumsana, manja ali m'beseni la thovu.

"Amayi, kachikho aka tikachotse. Abusa atsopanowa ndawaona, satsata zimene tinazolowera. Tichita nako manyazi."

Apongozi ake, omwe anali mkulu wa amayi pampingopo, sanatembenuke n'komwe. Anapitiriza kupukuta thireyi.

"Wabwera dzana lomweli m'banja la eni, lero uziphunzitsa anthu kutsuka zikho? Tsuka, mwana iwe, pakamwa pazipuma."

Amayi ena awiri amene analipo anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kanali kachikho kagalasi ngati tinzake tonse ta mgonero, kungoti kunsi kwake kunali dontho la utoto wofiira wopaka zikhadabo. Kanali ka bambo wina wopopa zimbudzi, amene analowa mpingo chaka chatha. Munthuyo ankabwera atasamba, malaya atasita bwinobwino, n'kukhala kumapeto kwa benchi yomaliza. Thireyi inkayambira kutsogolo, aliyense n'kumalumpha kachikho ka pakona, chifukwa amayi anali atanong'oneza amuna awo, amuna n'kunong'onezana okhaokha. Pofika kumbuyo kankatsala kokhako. Mapemphero akatha kankatsukidwa pakokha, panja pampopi, ndi sopo wokolopera pansi. Wotumidwa ntchito imeneyo anali Kamaso.

Dzina limeneli anam'patsa ndi apongoziwo, ati maso ake sakhazikika. Nanga akanakhazikika bwanji? Mwamuna wake ankayendetsa thiraki, ankatha miyezi asanaponde pakhomo, ndipo iye ankakhala m'nyumba ya apongozi ngati mlendo wosaitanidwa. Mawu awo ankawadziwa pamtima: "Ukadzandilakwira, khomo ndi ilo. Koma mwanayu ndi magazi athu, adzatsala." Ndiye ankayang'ana chilichonse. Nkhope za anthu, zitseko, manja a aliyense wofuna kunyamula mwana wake.

Lamulungu abusa sanalalikire nthawi yaitali. Anati Ambuye ankadya ndi anthu amene wina aliyense ankanyansidwa nawo, ndipo amene anawakonzera imfa sanali zidakwa ayi, anali anthu aulemu wawo, okhala mipando yakutsogolo. Mpingo wonse unayankha kuti amen, apongozi mokweza kuposa onse. Kenaka abusa ananyamula okha thireyi, n'kudutsa mabenchi onse mpaka kumbuyo.

"Lero tiyambira kuno."

Kamaso anali pabenchi ya amayi oyamwitsa, pafupi ndi khomo lam'mbali, ndipo anaona zonse. Dzanja la bamboyo linalumpha tizikho tonse n'kulunjika pakona. Ndiye kuti ankadziwa. Chaka chonsechi munthu wamkulu ankadziwa, n'kumabwerabe, n'kumagwada, n'kumapereka moni kwa amayi omwewo ndi manja awiri.

Abusa anazunguza thireyi pang'ono. "Tengani chapafupichi, achimwene."

Bamboyo anatenga kachikho wamba.

Thireyi inayamba ulendo wopita kutsogolo, kadontho kofiira kali momwemo. Mwini sitolo ya zitsulo anakalumpha. Mkazi wa dokotala anasuzumira kunsi kwa kachikho kake asanakatenge. Tizikho tinkatha, ka pakona kali phee, mpaka thireyi inaima pamaso pa munthu womaliza pabenchi yoyamba. Apongozi anakatenga ndi zala ziwiri ngati atola mbewa yakufa. Onse akumwa, iwo anakafikitsa pamilomo yotseka, n'kukhuthulira vinyoyo m'kampango kawo ka m'manja. Atatero anatsinzina, n'kumapemphera.

Mapemphero atatha, m'kachipinda muja munalibe woseka. Tizikho tinali titabwezedwa pathireyi mosakanikirana.

"Kamaso," anatero apongozi. "Iwe suphonya kanthu. Munthu uja wamwera kati?"

Ankakadziwa. Kanali ndi kathovu ka mpweya m'galasi, cha kumlomo. Mwana ankasuntha kumsana.

"Sindinena, amayi."

"Wati chiyani?"

"Ndakaona, koma sindinena."

Mmodzi wa amayi aja anam'koka mkono. "Mtsikana iwe, ingoloza. Ukufuna Lamulungu likubwerali timwere tonse m'chimbudzi?"

"Chimbudzi chake cha ndani? Si chanu chomwe anapopa mwezi watha? Munam'patsa madzi akumwa m'chitini cha penti, ndinalipo."

"Tamumvani, sukulu yamukwera m'mutu."

Kamaso ananyamula thireyi yonse n'kukhuthulira tizikho m'beseni. Tinalira ngwee, tikugundana tokhatokha. Anafufuza m'thovumo, anatulutsa ka dontho kaja, anakanda utotowo ndi chikhadabo mpaka unachoka, n'kukaponyanso momwemo.

"Mwayankha amen lero, amayi. Ndakumvani. Kenaka mwathira magazi a Ambuye m'kampango kominira."

Apongozi anam'yang'ana. Sanakuwe. Anapinda bwinobwino nsalu ya paguwa, anaiika m'kabati, n'kutseka.

"Tikaonana kunyumba."

Kamaso anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Kabedi ka mwana kanali katachoka kale m'chipinda chake. Anakaona kudzera pakhomo la chipinda cha apongozi, kali pafupi ndi bedi lawo, neti atamangirira. Pakhonde panali chikwama chake chimene anabwera nacho paukwati, chopanda kanthu, chotsekula.

"Mawa kukacha mchimwene wanga abwera ndi galimoto akuperekeze kwanu," anatero apongozi, akuthira tiyi. "Longedza zako zokha. Usiku uno mwana agone nawe, umuyamwitse komaliza. Mkaka wa m'chitini ndatuma kale."

Kamaso analowa m'chipinda, anakhoma chitseko, n'kuimbira mwamuna wake. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka injini ndi wailesi.

"Amayi andiimbira kale," anatero mwamunayo. "Iwenso, nkhani ya kapu? Kagwade upepese. Ndikabwera tidzakambirana."

"Akuti mwana atsale."

"Amangonena. Pepesa basi. Anthu amapemphera zaka zonsezi, iwe ndi amene wamvetsa lero?"

"Ndipepese kuti ndalakwa chiyani? Tandiuza mawu ake, ndikawanene."

Kunamveka hutala, kenaka foni inaduka.

Anakhala pabedi, mwana ali kubere. Kunja ana a anansi ankasewerabe mpira mumsewu. Mantha analipo, omwe aja a masiku onse, koma mkwiyo unali utawakhalira pamwamba. Kupepesa akanatha, mawondo ake anali atazolowera simenti ya m'nyumba imeneyo. Koma akanapepesa, Loweruka akanam'patsa botolo la utoto kuti adonthezere yekha pakachikho kena. Ndipo mwana uyu akanakula akuona, n'kudzaphunzira kusuzumira kunsi kwa chikho asanamwe.

Mkulu wake wa Kamaso anali ndi kachipinda kuseri kwa saluni imene ankagwirako ntchito, kutsidya kwa tauni. Kanali kothina, kofuka mankhwala a tsitsi, koma apongozi sankadziwa njira yake. Mabasi oyamba ankadutsa pamphambano kusanayere. Chitseko chakukhitchini chinkalira munthu akachikoka, koma akachinyamula pang'ono chinkatseguka mwakachetechete.

Chikwama cha pakhonde achisiya pomwepo, asawadzidzimutse. Matewera ndi zovala za mwana zikwana m'thumba la pilo. Galimoto ya mchimwene wawoyo ikamadzafika, iye ndi mwana wake adzakhala atapita.