Makina a Pansi pa Bedi

Kalata inachokera ku dayosizi, ndipo a Gregorio, katekisiti, anaiwerenga m'tchalitchi masabata atatu otsatizana. Inati episkopi watsopano adzayendera maparishi onse anthu akakolola, ndipo asanafike, Akhristu akonze tchalitchi komanso akonze pakati pawo: osayankhulana ayankhulane, amene ali ndi chinthu cha mnzake abweze.

Anthu anabwezadi. Khasu lobwerekedwa chaka cha ufulu linabwerera kwa mwini wake litatha ngati supuni. Wina anabweza nkhuku, mwini wake n'kufunsa za anapiye. Ku mphakati, kagulu ka mapemphero ka Akhristu a m'mudzimo, ankaseka mpaka misozi. Monika ankaseka nawo, koma maso ake ankayenda pa nkhope za anzake, kuona ngati pali amene akumuyang'ana.

Pansi pa bedi lake panali makina osokera, okulungidwa m'chiguduli. Anali a Rute.

Rute ndi Monika ankakhala benchi imodzi kusukulu mpaka Fomu 2. Kwawo kwa Rute anali a Mboni za Yehova, anthu okana kugula khadi la chipani. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo nyumba zawo zinatenthedwa dzuwa likuwala. Dominiko, mwamuna wa Monika, anali mkamwini watsopano m'mudzimo, ndipo anaopa kuti akatsala amuloza chala. Anapita nawo otenthawo. Anabwera atanyamula makinawo paphewa, nsidze zitawauka, n'kuwakankhira pansi pa bedi. Sanawatchulenso. Rute anathawira ku Zambia ndi mwana kumbuyo, anabwezedwa, kenako anakatsekeredwa kundende ya ku Dzaleka. Tsopano kunkamveka zoti anatuluka, akukhala kwa amayi ake aang'ono kuseri kwa phiri, chakumalire ndi Ntchisi. Za mwanayo palibe ankafunsa.

Mvula ikagwa, chipinda cha Monika chinkanunkha utsi. Posesa ankazungulira chigudulicho osachikhudza. Kuyambira chaka chimenecho sanalandirenso Ukaristia. Akamufunsa ankapeza chonena: mutu, mimba, kenako mwana wake Lenia akulira.

Lachinayi lina mayi Nangondo, wapampando wa amayi, anabwera kumsonkhano ndi nsalu yoyera ya pa guwa, yofunika kupinda m'mphepete.

"Amake Lenia, inu ndinu ophunzira, manja anu ngoongoka. Ndiponso makina muli nawo."



"Ine makina?" anatero Monika.

"Aaa, mwanawe, mudzi uno si Lilongwe. Tisokereni basi. Ambuye episkopi sadzafunsa."

Mawa lake, Dominiko atapita kukasankha fodya, Monika anagoneka Lenia pamphasa, n'kutseka chitseko. Anakoka chiguduli chija. Anadontheza mafuta, n'kulowetsa ulusi woyera m'singano. Atapukusa chogwirira, makina anayenda ngati anasiyidwa dzulo. Phokoso lake linadzaza nyumba, iye n'kumaima pafupipafupi kumvetsera ngati panja pali mapazi.

Atasoka utali wa mkono, anatembenuza nsalu kuti aone kunsi. Kunali mzere wofiira, woongoka bwino.

Anali ataiwala bobini. Ulusi wapansi unali womwe Rute anaikamo m'mawa wa tsiku lija.

Anatsegula kabokosi ka m'mbali kufuna bobini ina. Anapezamo kadiresi kofiira kopindidwa. Mkono umodzi unali wosokedwa, winawo wongogwiritsidwa ndi mapini, mapiniwo atachita dzimbiri. Monika anayang'ana kadiresiko, anayang'ana Lenia ali m'tulo. Msinkhu unali womwewo.

Dominiko anamupeza masana atakhala pansi, kadiresi kali pamiyendo.

"Bweza pansi pa bedi zimenezo."

"Ndikukapereka kwa mwini wake."

"Iwe, ukufuna kundipha? Ukaoneka pakhomo pa Mboni, mawa a chipani andiitana. Dzaleka si kutali, ukudziwa." Anatsitsa mawu. "Ndiponso ine ndinawapulumutsa makinawa. Akanapsa."

"Munawapulumutsira ndani, bambo a Lenia?"

Dominiko anatuluka. Monika atabereka mwana n'kupinda nkhata, anapeza kuti sangathe kudzisenza yekha. Anayesa kawiri. Kachitatu katundu anapepuka mwadzidzidzi: Dominiko anali atagwira mbali ina. Anamusenzetsa osamuyang'ana kumaso.

Njira ya kuphiri inkadutsa pa golosale ya a Yoswa, wapampando wa chipani m'mudzimo. Anali pakhonde, akusenda nzimbe.

"Katundu wolemera ameneyo, amake Lenia. Ulendo wa kuti?"

"Ndikukabweza, bambo. Kalata ija."

"Kalata ya kutchalitchi si khadi."

Maso a Monika, pothawa nkhope ya a Yoswa, anagwera pa chitseko cha golosale. Chinali chobiriwira, chakuda cham'munsi pomwe moto unanyambita. Chitseko chimenecho anagogodapo kambirimbiri ali mtsikana, kudzatenga Rute popita kusukulu. Anangochiyang'ana, osatha kuchotsa maso. A Yoswa anatembenuka kuona chomwe akuyang'ana. Analavula zotsala za nzimbe.

"Mwanayo mumfunde, dzuwa likuswa mtengo ili," anatero. "Pitani. Koma ndakuonani."

Anakwera phiri, khosi likuwawa, akucheuka ndi thupi lonse pakagwa tsamba.

Rute anali pakhonde la kanyumba ka udzu, akuswa mtedza. Anali atawonda, ndipo tsitsi la m'mbali linali ndi imvi, munthu wosakwana zaka makumi atatu.

"Odi," anatero Monika.

Rute anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ukuchewukabe ngati waba mango a kwa asisitere," anatero. "Tula, ungathyoke khosi."

Anamuthandiza kutula. Atamasula chiguduli, Rute anaweramira makinawo n'kununkhiza. Kenako anatsegula kabokosi, osafufuza, ngati munthu wodziwa pomwe anasiya chinthu.

"Rute, amene anatenga makinawa ndi a..."

"Ndinawaona. Ndinali m'nthochi muja, nditamutseka pakamwa mwana. Onse ndinawaona, aliyense ndi chomwe ananyamula." Anatambasula kadiresi pabondo. "Dzina lake ukulikumbukira?"

"Rakele."

"Anatsala ku Zambia. Pansi pa mtengo, mtengo wake sindiudziwa dzina."

Monika anafuna kunena kuti pepa, koma mawuwo anamuchepera. Anangokhala pansi, padothi.

Rute anasolola mapini adzimbiri aja mmodzimmodzi. Anaika mkono wa diresi pansi pa singano n'kuyamba kupukusa. Ulusi wapamwamba unali woyera uja wa nsalu ya pa guwa. Sanausinthe. Atamaliza anaduladula ulusi ndi mano, n'kukung'untha kadiresiko.

"Mtsitse mwanayo."

Monika anagwira mfundo ya nsalu pachifuwa, osaimasula. Chovala cha mwana wakufa!

"Sanakavalepo," anatero Rute. "Ndanena kuti mtsitse, wamantha iwe."

Monika anamasula. Lenia anadzuka, n'kuyang'ana mlendoyo osalira. Rute anamuveka pang'onopang'ono, mkono uno, mkono uwo, n'kusalaza kolala ndi chala. Kanamukwana. Anamukhazika pamiyendo, n'kuika mphuno m'tsitsi mwake, ndipo anakhala choncho mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa lichero la mtedza.

"Nyamukani kukadali kowala," anatero pomaliza. "Usabwerenso kuno, angakupweteke." Monika atafika pa mpanda, anamva mawu kumbuyo: "Kakamuthina, udzanditumizire. Ndinasiya malo ofutukula."

Nsalu ya pa guwa Monika anaimaliza ndi manja, masiku asanu. Mayi Nangondo ataona mzere wofiira kunsi anati ausolole. Monika anati kunsi sikuoneka. Mayiwo anaugwira ndi chala, osabwerezanso.

Tsiku la episkopi tchalitchi inawala ndi laimu, mseu utatchingidwa ndi masamba a nthochi mbali zonse. Dominiko anali asanaitanidwe kuchipani, koma galimoto iliyonse ikamveka kumseu, iye ndi Monika ankayang'anana. Monika anali atakalapa Loweruka. Nthawi yolandira Ukaristia itakwana anaimirira n'kulowa pamzere, Lenia ali m'manja, atavala zofiira. Amayi ena anaona kadiresiko n'kugwetsa maso m'mabuku a nyimbo. A Yoswa anali pa benchi yakutsogolo, ndipo sanacheuke.

Sabata yotsatira kunachita chiperoni, chinyezi n'kulowa m'nyumba. Monika anagwada kusesa pansi pa bedi, pomwe panalibenso kanthu. Utsi unkamvekabe. Anatsegula zenera, n'kupitiriza kusesa.