Suti Yolumbirira ya Malume

Ku Dubai Mmalawi salengeza ulendo. Ungoyerekeza kunena kuti mawa ndikupita kumudzi, pakhomo pako padzaza majumbo: uyu foni ya mayi ake, uyu mafuta onunkhira a chibwenzi, wina nsapato za mwana zongoyerekeza saizi. Ndipo sukana. Wokana katundu wa mnzake amatchuka pagulupu ya WhatsApp kuposa woimba, ndipo tsiku limene adzafune kutumiza zake aliyense amakhala kuti chikwama chadzaza kale.

Favour ankaudziwa bwino mwambo umenewu, pakuti pa zaka zimene anakhala akuyala mabedi pahotela ina ku Al Barsha anatumapo anthu ambiri, nayenso ananyamulapo za eni mpaka kusiya zovala zake. N'chifukwa chake atamva kuti malume ake, a Jethro Likaomba, aima mu Dubai tsiku limodzi pochokera kumsonkhano wa oweruza milandu, anatseka pakamwa. Ngakhale Stellah, mnzake wa ku Chipata amene ankagona naye chipinda chimodzi, anangomuuza kuti Lachisanu ali ndi kokayenda.

A Likaomba ndiwo anamulera Favour bambo ake atamwalira. Anali majisitireti amene anamera imvi pampando umodzi, wodziwika ndi kubweza nkhuku. Munthu akabwera ndi tambala kunyumba mlandu wake uli m'khoti, ankamuperekeza mpaka kumsewu tambalayo ali kukhwapa kwa mwini wake. Tsopano dzina lawo linali litaperekedwa kuti akhale jaji wa khoti lalikulu, ndipo kumudzi kunali phokoso losaneneka. A chipani cholamula ankawafuna, otsutsa ndi maloya ena ankati munthu ameneyu waikidwa kuti azikatchinga milandu ya akuluakulu. Anawafukula paliponse, mpaka kusukulu kumene anaphunzira, osapeza kanthu. Favour ankawerenga zonsezi pafoni m'basi ya kampani, mtima uli m'malere, koma akunyadira. Dzina loyera la malume ake ndicho chuma chokha chimene banja lawo linali nacho.

Lachitatu masana, akuweruka, anapeza bambo wina akumudikira pageti la antchito. Anali wonenepa bwino, wa shati yoyera yosadziwa thukuta, atanyamula chikwama chachitali cha suti.

“Chemwali Favour? Ndine Maxon. Ndimagulitsa masipeya a galimoto ku Ras Al Khor. Madala akufika Lachisanu, eti?”

Favour anaima n'kumuyang'anitsitsa. “Madala ake ati?”

“Aaa, musandiope, habibi, mlongo wanga. Ife ndi amene tikuwakankha kuti apite pamwamba. Nayi suti yoti akalumbirire. Koma mukudziwa mmene zinthu zilili kwathu, maso ndi ambiri. Mukawapatse ngati yochokera kwa inu, mwana kupatsa malume ake. Khalas, nkhani yatha.”

Asanayankhe, suti ija inali kale m'manja mwake. Alonda awiri a ku Mangochi amene ankagwira ntchito pageti pomwepo anali akuyang'ana, makutu ali tcheru. Akanaibweza, pofika madzulo Dubai yense akanadziwa kuti Favour wayamba matama poti malume ake akukhala jaji, ndiponso akanadziwa kuti a Likaomba akubwera. Anathokoza ndi mawu ouma n'kukwera basi.

Njira yonse funso linali limodzi: munthu ameneyu wadziwa bwanji? Nambala ya ndege sanailembe paliponse. Anakumbukira kuti tsiku lina akulankhula ndi malume ake, Stellah anali pabedi lapamwamba atavala zam'makutu. Kodi munalidi nyimbo m'zam'makutumo? Nanga mafuta atsopano aja Stellah anawagula ndi chiyani pakati pamwezi? Munthu ukayamba kukayikira, ngakhale mphaka amaoneka ngati watumidwa.

Stellah mwini wake sanadziwe kuti akuzengedwa mlandu. Ataona chikwamacho anadumpha pabedi n'kutsegula zipi asanapemphe.

“Iwe, iyi ni suti ya ndalama! Wapeza mudala wolemera wa ku Marina, sunaniuze?”

“Ndi katundu wa eni. Tseka.”

Koma dzanja la Stellah linali litalowa kale m'thumba lam'kati, ndipo linatuluka ndi kabokosi. M'kabokosimo munali wotchi yagolide, yolemera ngati mwala. Stellah anaitembenuza. Kumbuyo kwake anazokotako dzina la a Likaomba, ndipo pansi pake dzina la kampani ina ya feteleza imene Mmalawi aliyense wokhala ndi foni ankadziwa kuti ili ndi mlandu waukulu kukhoti lalikulu.

Stellah anasiya kuseka. “Favour, aba ni bamalume bako baja ba pa nyuzi? Mwana, iyi si gift. Iyi ni nyambo. Manje iwe ndiwe mbedza.”

Favour anamulanda wotchiyo. Nkhope ya Stellah inkaoneka yodabwa zenizeni, koma kodi wogulidwa amalemba pachipumi? Anaibwezera m'thumba muja, n'kukankhira chikwama chonse kunsi kwa bedi.

Nkhani yonse anaiona poyera. Otsutsa alephera kupeza chilema, ndiye aganiza zochipanga okha. Maxon akunama kuti ndi wa mbali ya malume. Akufuna chithunzi cha a Likaomba akulandira suti ndi manja awiri, monga amalandirira munthu wolemekezeka aliyense, kenako mawa lake wotchi ili patsamba loyamba la nyuzipepala. Anaimbira malume ake, foni sinalowe. Analemba uthenga, n'kuufufuta, poopa kuti mwina foni yawo ili ndi makutu ena. Anaganiza zokataya sutiyo m'bini ya kuhotela, koma anaona kuti ndi bwino malume aione ndi maso awo, adziwe adani awo mmene aliri.

Lachisanu m'mawa uthenga unafika: tikumane pa lesitilanti ya amwenye ku Al Mankhool, nthawi ya nkhomaliro. Favour anakwera sitima ya Metro atakumbatira chikwama chija. Aliyense wokweza foni m'sitimamo ankamuona ngati akumujambula. Atatsika anadutsa dala njira yokhota, kuseri kwa timashopu ta nsalu ndi tokonzera mafoni, akucheuka ngati wakuba nkhuku.

Akadali pakhomo la lesitilanti, anawaona malume ake. Anali ataonda, jekete lawo lakale lija likulendewera m'mapewa. Chisoni ndi chimwemwe zinamugwira pamodzi, ndipo akanathamanga kukawakumbatira pakanapanda munthu amene anakhala nawo patebulo, akuwathirira tiyi. Anali Maxon.

“Wafika mwana wathu!” anatero Maxon, ngati anamubereka ndi iye.

Favour anapinda maondo n'kupereka moni kwa malume ake, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja. Anafunsana za kumudzi, za mvula, za mwendo wa mayi ake. Kenako anati, “Malume, ndili ndi mawu a kubanja.”

Maxon anaseka, natenga foni yake. “Za kubanja sitilowerera. Ndikasuteko panja.”

Atangotuluka, Favour anatsegula chikwama pansi pa tebulo n'kuwaonetsa kumbuyo kwa wotchi. Mawu ankatuluka mothamangitsana. “Munthu uyu si wanu, malume. Atumidwa ndi otsutsa. Akufuna akujambuleni mukulandira, akuipitsireni dzina. Tiyeni tizipita asanabwere.”

A Likaomba sanaiyang'ane n'komwe wotchiyo. Anasonkhezera tiyi wawo pang'onopang'ono.

“Ndikuidziwa,” anatero. “Si otsutsa ayi. Ndi omwe anapereka dzina langa.”

“Omwe akukufunaniwo?”

“Akundifuna, koma akundiopa. Otsutsa atafufuza n'kupeza kuti ndilibe kanthu, amene anasowa tulo ndi a mbali yangayi. Mbuzi yopanda chingwe saigula, mwana wanga. Chithunzicho sichipita kunyuzi. Chikakhala m'dirowa ya munthu wina. Tsiku limene ndidzaweruze zosawakomera, ndi pomwe adzachitulutse.”

Favour anawayang'ana ngati akuona mlendo. “Ndiye mukudziwa, mukulandiriranji?”

“Ndatsala pang'ono kupuma ntchito. Ana amene ndinawaphunzitsa kulemba chigamulo, lero akamalowa ndimaimirira n'kuwerama. Ndabweza nkhuku moyo wanga wonse, ndipo ndani anabwera kudzandithokoza? Ndikakana lero, Lolemba dzina langa alichotsa, aikapo wina amene ali ndi zingwe khumi.” Anatsitsa mawu. “Amene anamuuza Maxon kokupeza ndine. Iwo ankafuna andipatse okha. Ine ndinati ayi, ibwere ndi mwana wa mlongo wanga. Pachithunzi pakakhala iwe, tsiku lina ndidzatha kunena kuti ndinalandira suti kwa mwana wanga, za m'thumba sindinazione. Ndi kabowo kokhako kamene ndadzisiyira.”

Manyazi anamugwira Favour poganiza za Stellah, amene anamuweruza osalakwa. Koma mkwiyo unaposa manyaziwo. Masiku onsewa iye osagona bwino, akulondera khomo lakumaso, pamene mwini nyumba anatsegula kale lakuseri. Ndipo anamuika pakati osamufunsa, ngati kamtsikana kotumidwa kukagula mchere.

“Mukanandiuza, malume.”

“Ukanabwera?”

Maxon analowa akupukuta m'manja, fungo la fodya lili patsogolo. Anakankhira mipando pambali kuti kuwala kwa pawindo kuwafike bwino, nakweza foni.

“Yalla, tiyeni chemwali, kachithunzi ka chikumbutso. Mugwade pang'ono mwachimalawi, madala alandire ndi manja awiri. Kabokosiko mukaike pamwamba, kaoneke.”

A Likaomba anaimirira, nakonza jekete, natambasula manja onse awiri. Anali manja omwe aja amene ankasaina malipoti ake a kusukulu, omwe aja ankakankha tambala kumubwezera kwa mwini wake. Favour anawayang'ana manjawo. Mumtima anati munthu uyu akungofuna wina womugwira paphewa, akaona kuti mwana wake wakana, nayenso akumbukira kuti iye ndi ndani.

Anaika chikwama chija pansi, pa matailosi, pakati pa iye ndi malume ake, n'kubweza manja kumbuyo.

“Manja anga ayi,” anatero. “Pepani malume. Tiyeni tizipita, ndikuperekezeni ku eyapoti.”

Maxon anatsitsa foni, nayang'ana a Likaomba, osati mwaukali, koma ngati wogula amene akudikira kuti wogulitsa anene mtengo womaliza. Favour anadikira nayenso.

A Likaomba anagwira bondo ndi dzanja limodzi, nawerama movutikira, natola chikwamacho. Anachisansa fumbi ndi chikhatho.

“Palibe vuto,” anatero Maxon, nkhope itawala kuposa poyamba. “Zikhalanso bwino choncho.” Anakodola woperekera zakudya. “Bhai, photo, photo.” Anamupatsa foni, natenga suti ija m'manja mwa a Likaomba, natsegula kabokosi kuti wotchi ionekere, n'kuima pamalo pamene panayenera kugwada Favour. Anaipereka iye mwini, akumwetulira mano onse, ndipo a Likaomba anailandira ndi manja awiri. Mnyamata wa lesitilanti anajambula kangapo, n'kufunsa ngati abwereze.

Maxon anayang'ana zithunzizo, nagwedeza mutu mokhutira, napita kukalipira tiyi.

Favour anali ataima pomwe paja, manja akadali kumbuyo. Pachithunzi chimene chinali kupita m'dirowa munalibe mwana wopatsa malume ake mphatso. Munali jaji ndi munthu wa kampani, ndi wotchi pakati pawo. Malume ake anakhala pansi, suti ili pamiyendo, ndipo sanamukalipire. Anangomuyang'ana ndi maso otopa.

“Ukanangogwada, mwana wanga,” anatero.