Mphunzitsi wa Dainess ku Milonde

Kodi mungamudziwe mphunzitsi amene anathandiza Dainess kukhoza masamu amene anamukanika ku yunivesite? Sanapiteko kusukulu, sanalandire malipiro, ndipo tchuthi chonse sanamuuzepo mawu ngakhale amodzi.

Dainess anabwerera kwawo ku Milonde, m'boma la Mulanje, mtima uli wolemera. Maphunziro ena onse a chaka chachiwiri anakhoza, koma masamu analephera, ndipo anamupatsa mwayi umodzi wokha wolembanso sukulu ikamatsegulira. Akalepheranso, za yunivesite zithera pomwepo. Sikuti mutu wake unali wouma ayi. Vuto linali kukhala pansi. Akatsegula buku, foni inkalira. Akayankha, ankakumbukira kuti sanachape. Akayamba kuchapa, mnzake ankamuitana. Zolinga zokha anali nazo zazikulu ngati phiri la Mulanje lomwe. Ankauza aliyense kuti adzakhala katswiri wa zachuma, adzaphunzira mpaka kunja, adzatsegula kampani yake. Koma mutu wachiwiri wa bukulo anali asanauonepo.

Iye ankakhala ndi mayi ake aang'ono, a Janeti, amene amagulitsa kalongonda pamsika wa Milonde. Nyemba zimenezi sizifuna munthu wopupuluma. Zimawira kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madzi akada n'kuwataya, kuthira ena, kusonkhezeranso moto. Ukaziphula msanga, wodyayo amamva chizungulire, amasanza, mwinanso n'kukagona kuchipatala.

Tsiku lina m'mawa kunabwera uthenga wa maliro ku Chitakale, kalongonda ali kale pamoto. A Janeti anamanga chitenje mofulumira, n'kubwereka foni ya Dainess chifukwa yawo inali itatha moto. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Iwe wa ku yunivesite, digiri yakoyo ndiione lero. Moto usazime, madzi akada utaye. Ukachokapo apa, mawa tikaledzeretsa msika wonse, ndipo ine ndidzanena kuti aphika ndi ophunzira."

"Pitani bwino, mayi aang'ono. Kodi mphika ndi chinthu chovuta?"

Sipanapite nthawi, Dainess anaona kuti chovuta si mphika koma kuudikira. Anaimba nyimbo zonse za kwaya zimene ankadziwa. Anathamangitsa nkhuku zimene sizinalakwe kanthu. Dzanja linkalowa lokha m'thumba kufunafuna foni imene munalibe. Pomaliza, chifukwa chosowa chochita, anathamangira m'nyumba n'kutulutsa buku la masamu lija. Anakhala pafupi ndi mafuwa n'kudziuza kuti awerenga mpaka madzi ade basi, osapitirira.

Madzi anada iye ali pakati pa samu. Anawataya, anathira ena, n'kubwerera mwachangu pamene anasiyira. Samu ija itatheka, anayang'ana mphika ngati mnzake wopikisana naye, n'kuuuza mumtima kuti madzi awa asanade, mafunso a patsambali akhale atatha.

Dzuwa lili paliwombo kunafika Mwayi, mnzake wa kuubwana, atavala magalasi akuda. Anati mchimwene wake wapeza galimoto, anthu akupita kukasambira ku mathithi a Likhubula m'phiri la Mulanje, ndipo malo atsala a munthu mmodzi. Anavundukula mphika, anatola nyemba imodzi n'kuifinya.

"Zafewa izi. Taphula tizipita."

Dainess nayenso anafinya imodzi, ndipo inalidi yofewa. Mtima wake unali utafika kale kumadzi ozizira a m'phirimo. Koma atasuzumira mumphika, madzi anali adakali akuda. Anaganiza za amayi ogulitsa zinanazi amene amagula kalongonda m'mawa n'kugawira ana awo, ndipo anavundikiranso.

"Ndiye anthu mumapita ku yunivesite kukaphunzira kulondera nyemba?" anatero Mwayi.

"Pita, ukandijambulire mathithi. Ine pano ndili m'kalasi."

A Janeti anabwera dzuwa litapendeka. Analawa nyemba, anagwedeza mutu movomereza, kenako anaona buku lili ndi zala za mwaye tsamba lililonse n'kufunsa ngati ankakupizira moto. Dainess anawaonetsa mutu wathunthu umene anamaliza. Atatero anapempha zinthu ziwiri: kuti ntchito yophika ikhale yake mpaka tchuthi chithe, ndiponso kuti foni yake izipita nawo kumsika. A Janeti anaseka mpaka kukhala pansi. Anati akanadziwa kuti masamu amabweretsa wantchito waulere, akanapempherera kuti alephere kalekale.

Kuyambira pamenepo Dainess anasiya kunena za kampani. M'mawa uliwonse wophika ankasankha chinthu chimodzi choti chithe nyemba zisanapse. Sikuti zinkayenda bwino nthawi zonse. Mutu wina unamudyera miphika iwiri, ndipo tsiku lina anamira m'samu mpaka moto unazima, a Janeti n'kumukalipira madzulo onse. Komabe buku linkapita kumapeto, likuda ndi utsi.

Sukulu itatsegulira analemba mayeso aja. Zotsatira zitatuluka, anali atakhoza, ndipo anaposa ena amene sanalepherepo. Lily, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, sanakhulupirire. Ankamudziwa Dainess ngati munthu wosatha kukhala pampando, choncho anaumirira kuti ku Mulanje kuli mphunzitsi wina amene akubisidwa, mwinanso mnyamata.

"Tandiuza dzina lake, nanenso ndikalembetse. Amalipiritsa bwanji?"

"Salipiritsa," anayankha Dainess akuseka. "Koma upite ndi nkhuni zako, ndipo foni usiye."

Mphunzitsi wa Dainess anali mphika wa kalongonda wa mayi ake aang'ono.