Firiji ya Petronella

Mng'ono wanga Petronella anapeza malo ku yunivesite, koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa olandira ngongole ya boma. Kulembetsa kunali kutha Lachisanu. Ine digiri ndili nayo kale. Ili m'sutikesi pansi pa bedi ku Kabwata, ikudikira ntchito.

Lolemba ndinatsegula gulu la abale pa WhatsApp, n'kulitcha "Komiti ya Petronella", n'kuikapo chithunzi chake atavala chitenge chatsopano. Ndisanafotokoze, mabandulo anandithera.

Kwathu komiti imakhala ya maliro kapena ya ukwati, basi. Popeza pachithunzipo ankamwetulira, abale anasankha ukwati. Pomwe ndinkagula mabandulo ena m'mawa mwake, ba Anti Betty a ku Chelstone anali atadzipatsa kale umatroni wa kitcheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi. Ba Ankolo Jethro a ku Kabulonga, amene sayankha foni zanga, anali atalonjeza firiji.

Ndinalemba kuti mwamuna palibe, nkhani ndi ya fizi. Atatu anatuluka m'gulumo.

Lachitatu ba Anti anafika kunyumba thukuta lili kamukamu.

"Mwamuna wathawa?"

"Kunalibe mwamuna, ba Anti. Ni sukulu."

"Si ya mahala sukulu manje?"

"Mpaka giledi twelofu."

"Ndiye boma imuseluse pakati pa njila monga minibasi?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapatapata. "Nanga iwe unaphunzila, uli kuti?"

"Nili pano, ba Anti."

"Eya."

Anaimbira ba Ankolo, foni ili pa sipika.

"Fizi sinilipila ine," anatero ba Ankolo. "Ukalipilila mmodzi, mailo kukacha ni mzele pa geti. Koma filiji nagula kale. Anthu anaona pa gulupu, siningabweze."

Petronella anandinong'oneza: "Ndiye anithandiza olo anikana?"

Firiji inafika Lachinayi, ya zitseko ziwiri, yomangidwa riboni. Sitinaichotse n'komwe m'katoni. Mayi wina wogulitsa nkhuku pa msika anaigula tsiku lomwelo, ba Anti ndi amene anakambirana mtengo. Lachisanu masana Petronella analembetsa semesita yoyamba.

Ba Ankolo amanyadabe kuti sanalipirirepo munthu fizi. Abale ena amene sanawerenge uthenga wanga akufunsabe mtundu wa chitenge cha pa tsikulo. Gululo sindinalifute. Semesita yachiwiri iyamba posachedwa, ndipo ba Anti Cheryl a ku Woodlands anatchulapo za sitovu.