Sizasi ya Atelala

Atelala anali ndi vuto limodzi: chilichonse chomangidwa mosawasangalatsa chinkawayabwa m'manja. Akangoona ulusi ukulendewera pa malaya a munthu, ngakhale mlendo, sizasi inali itatuluka kale m'thumba la epuloni.

Amuna awo, amene aliyense ankawatchabe Adalaivala ngakhale anasiya kuyendetsa basi kalekale, anapezeka ndi matenda a shuga. Anamwino anawaletsa tiyi wotsekemera ndi mbale zosefukira mpunga, koma bambowo anali nkhutukumve. Akazi awo akayamba kulankhula, iwo ankangokweza wailesi. Munthu yekhayo amene ankamumvera anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo yemwe ankagwira ntchito kutali. Mpongoziyo akangoti, "Bambo, ikani supuniyo pansi," supuni inkaikidwa pansi.

Ndi mpongozi yemweyu amene anabzala kolifulawa kuseri kwa nyumba, m'matumba a simenti odzaza dothi ndi manyowa a nkhuku. Ankati mutu wake woyerawo umakhutitsa koma sukweza shuga ngati mpunga, uli ndi mavitamini, ndipo m'mimba mumayenda bwino. M'mawa uliwonse asanapite kusitolo komwe ankagulitsa, ankathirira n'kutola mbozi kunsi kwa masamba ndi zala zake.

Timitu titayamba kutuluka, toyera ngati thonje, mpongozi anasonkhanitsa masamba pamwamba pa mutu uliwonse n'kuwamanga ndi tinsalu totsala pansi pa makina osokera a Atelala. Atelala ataona, mutu unaima. Chomera n'kuchimanga pakhosi? Chipuma bwanji? Dzuwa chiliona liti? Kufunsa sanafune, poti kwa iwo kufunsa mwana wadzana za kumunda kunali kudzichotsera ulemu. Mpongozi atangotuluka pageti, anatenga sizasi n'kumasula mitu yonse. Mpongozi akamanganso, iwo ankadulanso, n'kumadzitama mumtima kuti akupulumutsa mbewu. Dzuwa nalo silinachedwe kugwira ntchito yake. Mitu ija inasanduka yachikasu, ina yofiirira, n'kuyamba kumwazika.

Lamlungu masana mpongozi anaika mbale ya kolifulawa wachikasuyo patsogolo pa Adalaivala, ndipo pambali pake anathira tinsalu todulidwa tija.

"Bambo, ngati simukufuna ndiwo zangazi, mukanangondiuza," anatero. "Masamba aja ndimamanga dala kuti dzuwa lisawotche mutu. Dzuwa likauwomba umada, umawawa. Mumatsala pakhomo ndinu, ndipo paja munanena kuti chimenechi n'chakudya cha mbuzi. Kuyambira mawa muzidya zomwe mukufuna. Ine ndatopa."

Manyazi anawagwira Atelala mpaka makutu kutentha, moti akanakonda pansi patang'ambika alowe.

Adalaivala anatola kansalu kamodzi n'kukatembenuza. Kanali kodulidwa mopendekeka, kosalala bwino, kadulidwe kamene anakhala akukaona chikwatirane. Anawayang'ana akazi awo kamodzi kokha.

"Ndine, mwanangu," anatero. "Ukalamba umenewu. Ndikhululukireni."

Anakoka mbale ija n'kudya zowawazo mpaka kuipukuta. Mpongozi anangotola mbale n'kukalowa kukhitchini. Atelala anakhalabe pampando, maso pa tebulo, akuwerenga maluwa a pansalu imene anasoka okha.

M'mawa mwake kuseri sikunamveke madzi. Mpongozi anaika tiyi patebulo n'kukavala za kuntchito. Supuni ya Adalaivala inalowa m'mbale ya shuga, inatuluka, inalowanso.

"Bambo, shugayo," anatero Atelala chapansipansi.

Bambowo anangotakasa tiyi wawo. Nanga mawu a munthu amene dzulo anabisala kumbuyo kwa wodwala akanalemera bwanji? Atelala anaona okha kuti zikapitirira chonchi adzawanyamula pa machira amuna awowa, ndipo wowapha adzakhala sizasi.

Anatuluka kuseri. Pakona, kumbuyo kwa mgolo wa madzi, panali thumba limodzi lochedwa, kamutu kake kakadali koyera mbee, kukula ngati chibakera. Anagwada, anasonkhanitsa masamba n'kumanga. Atatukula mutu anapeza mpongozi ataima ndi chikwama chake paphewa.

"Amayi?"

"Bambo anu sanakhudzepo chomera chanu ngakhale tsamba," anatero Atelala, osamuyang'ana kumaso. Anatulutsa sizasi n'kuiika padothi. "Ndine, ndi chida ichi. Ndimayesa mukuchipotola khosi. Kufunsa ndimaona ngati ndichepa. Dzulo ndinangokhala duu, munthu wodwala n'kusenza mlandu wanga. Ngati n'kukwiya, kwiyirani ine, koma iwo aja musawasiye."

Mpongozi anawerama n'kugwira mfundo ija.

"Mwamangitsa, Amayi. Muzisiya mpata pang'ono mutu uzikula."

Anaimasula, anaimanganso mofewa, n'kubwerera m'nyumba. Atelala anatsala chogwada, mawondo m'dothi, osadziwa ngati akhululukidwa kapena ayi. Pawindo anamva amuna awo akuthira kapu yachiwiri, kenako chivindikiro cha shuga chikutsegulidwa.

"Bambo, ikani supuniyo pansi."

Supuni inalira patebulo.